Mikanda ya Abiti Jafali

Ana anga, mwakhala mukundifunsa chifukwa chake ndinapuma ntchito ndili ku sikelo, ndikupachika makanda pa nthambi ya mtengo wa mango, pamene anzanga amene ndinaphunzira nawo unamwino anapuma ali m'maofesi a makatani. Ndakhala ndikukuyankhani kuti ndi mmene Ambuye anakonzera. Limenelo si bodza, koma si nkhani yonse. Tsopano poti maso akadaona ndipo dzanja likadagwira cholembera, ndikulemberani mmene zinakhalira. Dzina la mayi amene ndimutchule muno si lake lenileni, ndipo musayese kulifufuza.

1987: Kuseri kwa phiri

Ntchito yanga yoyamba ya unamwino ndi uzamba ndinaiyambira pa chipatala china chaching'ono cha mbali za ku Nkhulambe. Lole inandisiya panjira chifukwa mlatho unali utakokoloka, ndipo sutukesi yanga inafika pa njinga ya bambo wina wogulitsa chinangwa chouma cha makaka, ine ndikutsatira pambuyo nsapato zili m'manja. Pa chipatalapo panalibe magetsi. Majekeseni tinkawiritsa m'poto, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pa chingwe ngati masokosi, ndipo akang'ambika tinkavala awiri ong'ambika mosiyana. Wamkulu wathu anali Mayi Kaliwo, mzamba wochokera ku Ntcheu, munthu wamfupi, wosaseka wamba. Tinkawaopa kuposa njoka. Koma zonse zimene ndinadziwa pa ntchito yanga, maziko ake anaika ndi iwowo.

Tinafika awiri chaka chimenecho, ine ndi mtsikana mnzanga wa m'tauni. Tsiku lina mnzangayo atatha kupima mayi woyembekezera, anabwera kumene tinkamwera tiyi akuseka, n'kuyamba kufotokoza kuchuluka kwa mikanda imene mayiyo anali nayo m'chiuno. Mayi Kaliwo anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Iwe mwana," anatero, "mayi akagona pa bedi lija, thupi lake wakubwereka, sanakugulitse. Mikanda ndi ya iye ndi mwamuna wake. Dzanja ili umatsitsa nalo mikanda, dzanja ili umaphimba nalo chitenje, maso ako ali kudenga. Ukatuluka pakhomo, waiwala. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

"Nawenso wa Chilomwe iwe, wamva?"

Ine sindinalakwe kanthu, koma ndinayankha kuti ndamva. Madzulo ake ndikuwerenga Malemba ndinakumbukira za ana awiri aja amene anatenga chofunda paphewa n'kuyenda chafutambuyo kukafunditsa bambo awo, nkhope zitayang'ana kwina. Ndinaona kuti Mayi Kaliwo sanatiphunzitse lamulo la chipatala chabe. Kuyambira pamenepo ndinaligwira lamulolo ngati pangano pakati pa ine ndi Mulungu wanga.

1996 mpaka 2017: Mkhumba ndi Migowi

Anandisamutsira kwa Mkhumba, kumene ndinakhala zaka zambiri ndipo nonse munakulira kumeneko. Mabwana ndinaona a mitundumitundu. Wina ankabwera ndi galimoto kudzawerenga mabulangete n'kubwerera osalonjera wodwala ndi mmodzi yemwe. Wina anali munthu wabwino koma woopa aliyense wovala tayi. Mankhwala ankatha pakati pa mwezi, ndipo zinandipweteka kangapo kulembera mayi dzina la mankhwala kuti akagule, ndikudziwa kuti kunyumba kwake kulibe ndi mchere womwe. Bambo anu atamwalira, anandisamutsira pa chipatala china cha kufupi ndi Migowi.

M'zaka zonsezi panali gulu lina la odwala limene linkandisowetsa mtendere. Anali anthu, makamaka amayi, odandaula m'mimba. Akadya pang'ono mimba imatupa, mseru, kusanza, kuwonda. Tikapima magazi, palibe. Tikapima chimbudzi, palibe. Tikawatumiza kuchipatala chachikulu, amabwerako ndi mankhwala a njoka za m'mimba ndi mawu akuti, "Ndi maganizo amenewo, mayi." Ndinkawawidwa nawo mawu amenewo. Munthu akuuma ngati phesi pamaso pako, iwe n'kumuuza kuti akuganiza kwambiri!

Mmodzi wa iwo anali Abiti Jafali, mayi wa Chisilamu, mkazi wa Che Amini amene ankagula nandolo pamsika. Anali mayi wofatsa, wodziphimba kuyambira kumutu mpaka kuzidendene, koma pakamwa pake panali nthabwala. Ankabwera pafupipafupi moti tinazolowerana.

"Anesi, ndabweranso ndi maganizo anga aja," ankatero akukhala pa benchi. "Lero ndawasanza kawiri."

Amuna awo anali munthu wodziwika, wa m'komiti ya msika, wowolowa manja koma wansanje yosabisa. Achibale awo anali atayamba kale kunong'ona kuti mkaziyu akunamizira matenda pothawa ntchito, ndipo kuli bwino apeze wina wamphamvu.

2018: Kawayilesi ka m'mimba

Chaka chimenechi kunafika mtsikana wina wowonda, wa magalasi, atanyamula chikwama kumsana ngati mwana wa sukulu. Anatiuza kuti ndi Dokotala Tadala. Anthu anafola kuti awapime, iye n'kumapepesa kuti si dokotala wopereka mankhwala. Anali atamaliza digiri yapamwamba kwambiri kunja, ndipo anali pa zaka zija zimene munthu wotero amagwira kafukufuku pansi pa pulofesa wina, pa kontirakiti yaifupi, asanapeze malo akeake. Anafuna namwino wamkazi wodziwika ndi anthu, wolankhula Chilomwe, kuti azigwira naye. Anasankha ine.

Tsiku loyamba anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Anati matumbo ndi chifu zili ndi timitsempha takeake tauthenga, tambirimbiri, tofanana ndi ta mu ubongo, ndipo timalamula chakudya kuyenda popanda kudikira mutu. Anati m'menemo mumayenda kamagetsi kakang'ono kwambiri kamene kamauza chifu nthawi yofinya.

"Amayi, munaonapo akazi awiri akusinja mu mtondo umodzi?" anandifunsa. "Wina akatsitsa musi, wina akweza. Akasokonezana, misi imagundana, chimanga chimamwazika. Ndikuganiza kuti odwala anu ena misi yawo ikugundana. Ndikufuna kuimvetsera."

Zaka zonsezi ndakhala ndikugwira mimba za anthu, osadziwa kuti Mlengi anabisamo nzeru yotere. Usiku wake ndinamuyamika Iye amene anatiumba m'malo obisika, amene amayesa impso ndi mtima.

Chida chake chinali chigamba chofewa, chachikulu ngati chikhatho, chokhala ndi timadontho tachitsulo. Tinkachimata pamimba, pamwamba pa mchombo. Wodwala ankabwera asanadye, n'kugona phee, kenako tinkamupatsa phala loyezedwa, chigambacho chikutumiza uthenga ku kompyuta. Pa kompyutapo pankaoneka mizere yokwera ndi kutsika. Amayi anachitcha kawayilesi ka m'mimba. Kupweteka ayi, magazi ayi. Koma panali zovuta ziwiri.

Choyamba, malangizo ochokera kwa Apulofesa ankati wodwala avule chilichonse cha m'chiuno. Nditawauza Abiti Jafali, anandiyang'ana ngati ndapenga.

"Anesi, inu ndinu munthu wamkulu. Ndivule mikanda kuchipatala? Ndikakafika kunyumba, bambo aja n'kupeza mfundo yachilendo pa chingwe, ndikanena kuti wamanga ndani? Kompyuta?"

Tinaseka tonse, ndipo Dokotala Tadala anavomera kuti tizingoitsitsa m'munsi. Chachiwiri chinali chovuta kuposa choyamba. Nthawi iliyonse tikamata chigambacho, pankafunika kujambula chithunzi cha pamimba, kuyambira m'nthiti mpaka m'mafupa a chiuno, kuti adziwe malo enieni pamene chinamatidwa. Chitenje sichikanatha kuphimba mafupawo, ndiye kwa amayi owonda ngati Abiti, mikanda inkaoneka. Amayi anakana. Ndinamuitana Dokotala Tadala pamaso pawo.

"Mwanangu, nena pano onse akumva. Zithunzizi adzaona ndani?"

"Ine ndi inu basi, Amayi. Kwa Apulofesa kumapita mizere ija yokha. Ndi mmene tinagwirizanirana."

Pamenepo ndinaika dzanja langa pamtima n'kuwauza amayiwo kuti: "Mwandidziwa zaka zambiri. Ena mwa inu ndinakuchiritsani ana. Palibe diso la mwamuna lidzaone zimenezi." Abiti Jafali ndiye anali woyamba kugona pa bedi.

Mizere ya anthu abwinobwino inkayenda mofatsa ngati kupuma kwa mwana wagona. Ya Abiti, atangomeza phala, inayamba kudumphadumpha, kuima, kuthamanga. Dokotala Tadala anatembenuza kompyuta kuti aone okha. Anawauza mosabisa kuti mankhwala ake enieni sanawapeze, kuti kafukufuku akadali kutali, koma chinthu chilipo ndithu. Abiti anayang'ana mizereyo nthawi yaitali.

"Ndiye kuti si maganizo?"

"Si maganizo, mayi."

Analira mayi uja. Anapempha kuti amuna awo adzaone mizereyo, ndipo Che Amini atabwera anaiyang'ana, n'kuvula kofia, n'kuivalanso. Za mkazi wina sizinamvekenso. Dokotala Tadala anayamba kuyesa nawo kadyedwe kosiyanasiyana, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, akumvetsera chimene chifu chikulola. Abiti anayamba kubwerera thupi.

2019: Tsiku la alendo

Kunabwera uthenga wakuti alendo ochokera kunja, amene ankathandiza kafukufukuyu, adzabwera ndi Apulofesa kudzaona ntchito. Anakonza msonkhano m'holo ina pa Migowi. Anaitana mafumu, abusa, mashehe, a komiti ya msika, amayi onse a kawayilesi ndi amuna awo. Ine ndinalawira m'mawa kukathandiza kukonza mipando, nditavala yunifolomu, chitenje changa cha kumapemphero chili m'chikwama.

Ndinalowa m'holomo n'kuponya maso. Kutsogolo, pafupi ndi tebulo la alendo, anali atapachika chinsalu chosindikizidwa, chachitali kuposa chitseko. Pamwamba panali mawu a Chingerezi ndi mizere ija. Pakati panali chithunzi cha mimba ya munthu, chigamba chitamatidwa, ndipo m'munsi mwake mikanda, mkanda uliwonse waukulu ngati dzira la nkhunda. Mutu panalibe. Koma ine ndinadziwa pomwepo kuti ndi Abiti Jafali, ndipo ndinadziwanso kuti amene anaigula mikandayo, amene anaisankha yekha mtundu ndi mtundu, akhala pa mzere woyamba chifukwa ndi wa komiti ya msika. Alamu ake a Abiti amene amasamba nawo akanaidziwa. Anankungwi amene anaitunga akanaidziwa. Dzuwa lisanalowe, msika wonse ukanadziwa za m'chiuno mwa mkazi wa Che Amini, ndipo banja lija likanathera pomwepo.

Dokotala Tadala ndinamupeza kuseri, maso ali psuu.

"Tadala! N'chiyani chimenechi?"

"Amayi, sindinawapatse ine. Anatenga okha mu kompyuta ya kafukufuku. Ndachiona m'mawa uno ngati inu. Ndawauza, akuti palibe nkhope, ndiye palibe mlandu."

"Ndiye wangokhala chete?"

"Kontirakiti yanga ikutha, Amayi. Wosaina ndi iwowo. Ndikalimbana nawo, ntchito yonseyi yafa."

Sindinamukalipirenso. Anali mwana, ali yekha, ndipo mpeni ndi nyama zonse zinali m'manja mwa munthu mmodzi. Ndinatulutsa chitenje changa, ndinabwereka mapini kwa mayi wokongoletsa tebulo, n'kuphimba chithunzicho.

Apulofesa anafika alendo asanafike. Anali bambo wamkulu, Mmalawi ngati ife, wa suti yabwino ndi mawu okoma. Ataona chitenjecho anafunsa kuti wapachika ndani. Ndinagwada pang'ono mwaulemu n'kunena kuti ndine.

"Bwana, pepani. Mwina simunaone bwino. Pa chithunzipa pali mikanda ya mayi wapabanja, ndipo amuna awo akhala muno."

Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka, agwira pakamwa, anena kuti sanaganize. Anaseka.

"Sisita, mukuyesa ine mikanda sindiidziwa? Ndinabadwira kumudzi inetu. Chithunzichi ndachisankha dala. Alendowa zithunzi za mimba aziona zambirimbiri, zonse zofanana. Ichi akachiona adziwa kuti ntchito ikuchitikadi kwathu kuno, pakati pa anthu athu. N'chokongola. Chikoka mtima."

Ana anga, mpaka lero ndikakumbukira mawu amenewo magazi amandiwira. Akanakhala mlendo wosadziwa, ndikanamukhululukira msanga. Uyu ankadziwa. Anayamwa bere la mayi wovala mikanda. Anatenga chinthu chimene mkazi amasungira mwamuna mmodzi m'chipinda, n'kuchisandutsa maluwa okongoletsera holo.

"Bwana, ndinawalonjeza amayiwa ndi pakamwa panga."

"Munalonjeza inu, osati ine."

"Akanakhala amayi akunyumba kwanu, mukanapachika?"

Nkhope yawo inasintha. Analankhula motsitsa kuti ena asamve. "Sisita, samalani. Maboma ndi ambiri m'dziko muno. Ndikhoza kunyamula zida zonsezi n'kupita nazo kumene anthu sakundivuta. Odwala anuwa adzabwerera kumankhwala a njoka. Mukufuna zimenezo?" Kenako anauza dalaivala wawo kuti achotse mapini. "Pa chinsalu changa pasapachikidwe kanthu." Dalaivalayo anachotsa, nkhope ili kumbali, n'kundipatsa chitenje changa.

Apa ndi pamene panali povuta, ndipo sindikufuna mudzaganize kuti zinali zapafupi. Ndinadziwa kuti munthuyu sakuopseza chabe. Kawayilesi kaja ndi kokhako kamene kanachitira umboni amayi aja kuti si abodza. Abiti anali atayamba kudya. Ndikalimbana nawo, ndiwalanda zimenezo amayi onse. Ndikakhala chete, ndapereka mmodzi. Ndinaima pamenepo chitenje chili m'manja, phokoso la anthu likumveka kale pakhomo, ndipo ndinapemphera pemphero lalifupi kuposa onse amene ndinapempherapo: "Atate, ndichite chiyani?" Sindinamve mawu ochokera kumwamba. Ndinangokumbukira kuti Malemba amayamika munthu amene akalonjeza sasintha ngakhale zimupweteke, ndiponso kuti mbusa uja sanawerenge nkhosa zotsala n'kunena kuti imodzi ipite.

Ndinapita kutsogolo, ndinafulatira chinsalu, ndinatambasula chitenje ndi manja awiri kumbuyo kwanga, n'kuima.

"Sisita, ndanena kuti pasapachikidwe kanthu."

"Sindinapachike, bwana. Ndagwira."

Sakanatha kundikoka, chifukwa mafumu anali atayamba kulowa, ndipo pambuyo pawo galimoto ya alendo inaima. Anthu anakhala pansi. Che Amini anabwera ndi mkanjo wawo woyera n'kukhala pa mzere woyamba, pafupi moti ndikanatha kuwaponda phazi.

"Anesi, mwayamba liti ntchito ya chingwe choyanikira?" anandiseka. "Kapena mukugulitsa chitenjecho? Ndigulire akunyumba."

"Sichogulitsa, Che Amini. Nandolo akuyenda bwanji?"

"Aa, musandikumbutse."

Pemphero linachitika, malonje anachitika, zolankhula zinayamba. Munthu wa zaka zanga kuimika manja m'mwamba si masewera. Mapewa anayamba kuyaka, zala kuchita dzanzi, chitenje kutsetsereka mbali imodzi. Mlendo wina wamkazi anafunsa kuti kuseri kwa nsaluyo kuli chiyani. Chingerezi ndimamva ine. Apulofesa anayankha akumwetulira kuti ndi mwambo wathu, timaphimba chinthu chamtengo wapatali mpaka kumapeto. Alendo anagwedeza mitu mokondwa, wina mpaka anandijambula. Bodza lotere, pamaso pa abusa ndi mashehe! Ndinaluma mano.

Dzanja lamanzere litatsala pang'ono kugwa, ndinaona mayi wina akunyamuka kumbuyo kumene kunakhala amayi, akuyenda chowerama m'mbali mwa khoma. Anali Abiti Jafali.

"Anesi, manja atopa. Bweretsani mbali imodzi," ananong'ona. "Mukubisa chiyani?"

"Thupi la mnzathu. Musacheuke."

Sanafunse kuti la yani. Anagwira ngodya ya chitenje, n'kufulatira ngati ine. Posapita nthawi mayi wina wa kumpingo kwathu anabwera kudzagwira ngodya inayo, ndipo wina wa kumzikiti anadzamulandira. Ndinkangowauza mawu omwewo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anasuzumira. Che Amini ataona akazi awo ali kutsogolo anagwedeza mnzawo ndi chigongono, akunyadira. Anaombera m'manja kwambiri kuposa onse pamene Dokotala Tadala anafotokoza m'Chichewa za misi iwiri mu mtondo umodzi.

Kumapeto Apulofesa sanatchulenso za kuvundukula. Anatulutsa alendo msanga kupita nawo kukadya. Holo itatsala yopanda anthu, Dokotala Tadala anabwera ndi lezala. Sanandifunse, ndipo sanapemphe chilolezo kwa munthu. Anacheka chithunzicho m'chinsalumo, anachipinda, n'kundipatsa. Anandiuzanso kuti zithunzi zonse za amayi azichotsa mu kompyuta tsiku lomwelo, ndipo akalemba kwa akuluakulu oyang'anira malamulo a kafukufuku.

"Ukudziwa chimene chikuchitikire?" ndinamufunsa.

"Ndikudziwa, Amayi. Ndinachedwa kale."

2019 mpaka 2022: Ku sikelo

Apulofesa anasunga mawu awo, ndiwayamikire pamenepo. Pasanathe nthawi yaitali galimoto inabwera kudzatenga zida zonse. Kontirakiti ya Tadala sinasainidwe, ndipo mwana uja, amene anabwerera kwawo kudzamvetsera mimba za anthu akwawo, anakapeza ntchito kunja. Zimene analemba zija sindinamve kuti zinathera pati. Ine anandiitana ku ofesi n'kundiuza kuti ndinachititsa manyazi chipatala pamaso pa alendo. Ndinafunsa kuti manyazi ake ati, ndipo wamanyazi ndani. Anandichotsa ku chipinda cha amayi n'kunditumiza ku sikelo ya ana, kumene ndinakhala mpaka tsiku langa lopuma. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa mabwana aja amene anafunsa kuti kuseri kwa chitenje kunali chiyani.

Kwa Abiti Jafali ndinapita tsiku la msika, ndikudziwa kuti Che Amini ali ku sikelo yawo ya nandolo. Ndinawapeza kuseri akuphika nyemba za kalongonda. Ndinawauza zonse, osasiya kanthu, kenako ndinawapatsa chopindacho. Anafunyulula pang'ono, anayang'ana kamodzi, n'kupindanso msanga.

"Ndiye kuti tsiku lija ndinkadziphimba ndekha?"

"Eya."

"Bambo aja ali pomwepo, akuomba m'manja?"

"Ali pomwepo."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Anakankhira chopindacho pansi pa mphika. Chinayaka ndi utsi wakuda wonunkha, ndipo tinachiyang'ana mpaka chinatha.

"Nanga kawayilesi kaja, Anesi?"

"Kapita, mayi. Kapita chifukwa cha zomwezi."

"Ndiye mimba yangayi adzaimveranso ndani?"

Mpaka lero palibe amene anaimveranso. Abiti akadali pabanja pawo, amuna awo sanadziwe kanthu. Akadadwalabe. Amadya pang'onopang'ono monga anawaphunzitsira Tadala, masiku ena bwino, masiku ena ayi. Amayi ena a kawayilesi anandikwiyira atamva kuti ntchito inachoka chifukwa cha ine, ndipo sindinathe kuwafotokozera popanda kuulula chimene ndinkabisa. Mmodzi mpaka lero sandilonjera. Ndimamumvetsa. Koma sindinavomere, ndipo sindidzavomera, kuti anthu osauka azisankha pakati pa kuchira ndi kuvulidwa pagulu. Amene anatiika pa mphambano imeneyo akayankha kwa Woweruza amene salandira alendo ndi mabodza.

Mng'ono wanu wotsiriza, amene akukopera pa kompyuta zimene ndalembazi, wangoima n'kundifunsa kuti, "Amayi, koma mikandayo inali ya mtundu wanji kuti mpaka apange nayo chinsalu?" Ndamuyankha monga ndikanayankhira Mayi Kaliwo akanadzuka lero. Ndinatuluka pakhomo, ndinaiwala.